Kupita ndi ana ku Cape Maclear m'chilimwe: kuyambira kunyumba mpaka masabata 8 mutabwerako

Chaka chilichonse sukulu zikatsala pang'ono kutsekera, foni yanga siipuma. Alamu, anzanga a kuntchito, amayi a ku tchalitchi, onse funso lake ndi limodzi: "Tikufuna ana akaone nyanja, tiyambire pati?" Ndayankha pa foni, ndayankha pa WhatsApp, ndipo nthawi zonse ndimapeza kuti chinthu chofunika kwambiri ndachitchula mothamanga munthu akutsanzika kale. Lero ndalemba zonse pamodzi. Ndikunena za Cape Maclear m'boma la Mangochi, pomwe pali Lake Malawi National Park, chifukwa ndi komwe banja lathu limapita. Mukakhala kuti muli pa changu, musadumphe gawo 6 ndi gawo 8.

1. Sankhani nthawi poyang'ana mphepo, osati tchuthi chokha

Nyanja ili ndi nyengo zake ndipo siiona kalendala ya sukulu. Kuyambira cha mu May mpaka August kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera. Mwera ukakula mafunde amakwera, eni maboti amakana kupita kuzilumba, ndipo mwana akatuluka m'madzi amanjenjemera. Mu October ndi November ndiye chilimwe chenicheni: madzi amakhala bata ndi oyera, koma dzuwa la ku Mangochi limawotcha moti pofika 10 koloko mchenga supondeka opanda nsapato. December ndi dzinja, mvula, ziphaliwali, mphepo ya mpoto komanso udzudzu wochuluka.

Ine ndimasankha masabata omaliza a tchuthi chachikulu, kumapeto kwa August kapena kumayambiriro kwa September sukulu zisanatsegulire. Mwera umakhala ukuchepa mphamvu, kutentha kusanafike poipa.

Ambiri amathamangira pa 15 October, tsiku la anakubala. Ndikumvetsa, ndi tsiku lokoma ndipo amayi athu amayenera kuwasangalatsa. Koma ngati muli ndi ana aang'ono, tsikulo lisiyeni. Gombe limadzaza, mowa umayenda, ndipo pa chikhamu chotero mwana amasowa m'maso mwanu kamphindi kochepa chabe. Amayi atengeni sabata lotsatira, nyanja idzakhala ili pompo.

2. Malo ogona: funsani mafunso anayi musanatumize ndalama

Malo ogona ambiri ali m'mudzi wa Chembe, ondondozana m'mphepete mwa gombe. Alipo odula, alipo a zipinda wamba, alipo oti mumangomanga tenti yanu. Zithunzi za pa Facebook zimaonetsa dzuwa likulowa kuseri kwa chilumba cha Thumbi, sizionetsa bafa. Imbani foni mufunse izi: Kodi bedi lililonse lili ndi neti yosabooka? Madzi a m'bafa amachokera pa mjigo kapena amapopa m'nyanja? Mumalola kuphika tokha? Nanga usiku pamakhala zoimbaimba mpaka nthawi yanji?

Funso la madzi a m'bafa limaoneka lachilendo, koma mudzalimvetsa mukafika pa gawo 8. La zoimbaimba ndinaliphunzira movutikira. Chaka china tinagona pa malo ena moyandikana ndi bala, mwana wathu wa zaka 2 analira mpaka mbandakucha, ndipo tsiku lonse lotsatira linangothera kugona.

Mukatumiza ndalama ya chikole pa Airtel Money kapena Mpamba, sungani uthengawo ndipo awuzeni akulembereni tsiku ndi chiwerengero cha zipinda. Mawu a pakamwa amaiwalika.

3. Njira

Ochokera ku Lilongwe ambiri amadzera M1 kupitirira Dedza, n'kukhotera pa Masasa kutsika phiri la Khwekhwerere mpaka ku Golomoti, kenako kulunjika msewu wa ku Monkey Bay. Phirilo ndi lokongola koma lokhotakhota. Tsikani ndi giya yaing'ono, musadalire mabuleki okha, ndipo mwana amene amasanza m'galimoto musamudyetse zamafuta musanatsike. Ochokera ku Blantyre amadzera Zomba, Liwonde, Mangochi. Mbali zonse ziwiri werengerani maola 4 kapena 5, kuphatikizapo kuima kuti ana ataye madzi.

Musanalowe mu Monkey Bay pali mphambano yokhotera ku Cape Maclear, ndipo kuchokera pamenepo ndi makilomita pafupifupi 18 kudutsa m'mapiri a m'paki. Anyani amakhala pamsewu, njinga zamoto zimatulukira pakona mosayembekezereka. Nyamukani m'mawa kuti gawo limeneli mulidutse kukuwala. M'njiramo muli Mwala wa Mphini, chimwala chokhala ndi mizere ngati mphini zomwe agogo athu ankatema kumaso. Imani mphindi zochepa ana akauone, ndi pomwe mungawafotokozere kuti mphini n'chiyani, poti ambiri a iwo sanazionepo.

Mafuta thirani odzaza mukawapeza, musanene kuti tikathira kutsogolo. Ndalama tapani m'tauni musanafike, chifukwa ku Chembe netiweki ikavuta ngakhale wa Mpamba sangakuthandizeni. Oyenda pa minibasi, tsikirani ku Monkey Bay kapena pa mphambano paja, n'kupeza matola. Ndi ana aang'ono ndi zikwama, dikirani galimoto. Kabaza wa njinga yamoto pa msewu umenewu ndi mwana kumsana ayi.

4. Katundu

Zovala mukuzidziwa kale. Zimene anthu amaiwala ndi izi: chiphaso cha unzika, chifukwa pa geti ya paki Amalawi amalipira mtengo wotsika kusiyana ndi alendo akunja ndipo angakufunseni umboni; mabuku a kuchipatala a ana; neti imodzi yapadera; mafuta othamangitsa udzudzu; panado wa ana; mapaketi a Thanzi ORS; WaterGuard kapena madzi akumwa okwanira; tochi; zipewa; ndi nsapato zapulasitiki zolowa nazo m'madzi, poti miyala ya kuzilumba imaterera.

Ngati m'banja muli mwana wachialubino, chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu ku dzuwa zikhale zoyamba kulowa m'chikwama, ndipo asambe m'mamawa kapena madzulo okha. Kuwala kobwerera pa madzi kumawonjezera kuwotcha kwa dzuwa.

Abale amene mukubwera ndi ana kuchokera ku Johannesburg kapena ku UK, anawo matupi awo sadziwa malungo. Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke akupatseni mankhwala oteteza.

5. Dziwani pomwe mudzi wathera ndi pomwe paki yayambira

Apa ambiri amasokonezeka. Paki inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse. Imatenga mapiri a Nankumba, zilumba monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo, komanso madzi ofika mamita 100 kuchokera pa gombe la malo amenewa. M'madzi amenewo kuwedza n'koletsedwa. Mudzi wa Chembe unalipo paki isanabwere ndipo unasiyidwa pomwepo, wazunguliridwa ndi paki. Choncho kukhala pa gombe la m'mudzi simulipira, koma mukapita ku Otter Point kapena kuzilumba mwalowa m'paki, ndipo munthu aliyense amalipira pa tsiku. Lipirani kwa ogwira ntchito za paki ndipo tengani lisiti. Mwini boti akanena kuti za paki zili kale mumtengo, mufunseni lisitilo musanakwere.

Chimene paki imateteza kwenikweni ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala ta mitundu mazanamazana, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere, timene pafupifupi tonse sitipezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi. Nsomba yaikazi imasunga mazira ndi tiana take m'kamwa. Auzeni ana zimenezi asanavale magalasi oonera pansi pa madzi, mudzaona mmene adzayang'anitsitsire. Mwana wanga wamkulu, tsiku loyamba kuviika nkhope pa Thumbi, anadzuka madzi akutsika m'mphuno n'kufuula kuti, "Amayi, zikundiyang'ana!" Anakhala pamwala womwewo mpaka zala zinachita makwinya.

Chakufupi ndi geti kuli manda a amishoni a Livingstonia, amene anafika pano mu 1875. Malungo anawapha angapo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Dzina loti Cape Maclear analipereka ndi David Livingstone pokumbukira mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mwana wa sitandade 6 kapena 7 amene amangoloweza zimenezi m'kalasi, akaima pa mandawo amazimvetsa mwa mtundu wina.

M'mudzimo kumbukirani kuti muli pakhomo pa eni ake. Gombe limene inu mwabwera kudzapumulapo ndi pomwe iwo amachapa, kutsuka mbale ndi kuyanika usipa pa thandala. Amayi, mukachoka pamchenga mangani chitenje. Perekani moni, ndipo musajambule munthu akusamba kapena ana a eni osapempha. Ku Otter Point chakudya chibiseni, anyani a kumeneko anazolowera kulanda m'manja.

6. Boti ndi kusambira: gwirizanani zonse muli pamtunda

Mukangofika anyamata adzakuzungulirani, aliyense ndi boti lake. Musakwiye, ndi ntchito yawo. Koma musapangane ndi woyamba kukupezani. Funsani pa malo pomwe mwagona akulozereni munthu amene amamudziwa, kuti pakachitika kanthu mudziwe kokadandaula.

Mawu awiri muwasiyanitse. Bwato ndi lija losema pa mtengo umodzi, la asodzi. Boti ndi lamatabwa kapena lapulasitiki, la injini. Ana sakwera bwato, ngakhale kungojambulitsa, chifukwa limagudubuka mosavuta kwa munthu wosalizolowera.

Musanapereke ndalama, gwirizanani mtengo wa boti lonse, maola amene mukhale, ngati magalasi oonera m'madzi ndi nkhomaliro zili momwemo, ndi nthawi yobwerera. Perekani theka, theka linalo pobwera. Kenako nenani kuti, "Tione ma life jacket." Awerengeni, ndipo mwana aliyense amuveke muli pamchenga. Mukamukweza pogwira m'mapewa a jeketeyo n'kuona kuti ikuvuka kudutsa m'makutu, ndi yaikulu, m'madzi idzamuvuka chimodzimodzi. Ife tinabwezapo boti tsiku lina chifukwa anabweretsa majekete a akuluakulu okhaokha. Ana analira, mwini boti anadandaula za mafuta, koma m'mawa mwake anabwera ndi aang'ono atatu. Amakhala nawo, kungoti makolo ambiri safunsa.

Nyamukani m'mawa, poti mphepo imakonda kukula masana. Mwini boti akanena kuti lero nyanja yaipa, mumvereni, musamukakamize chifukwa choti mawa mukubwerera. Pobwera ambiri amaimba likhweru n'kuponya nsomba m'madzi kuti nkhwazi itsike pamtengo idzaitole. Ana akhale pansi nthawi imeneyo, chifukwa onse akathamangira mbali imodzi boti limapendama.

Posambira, lamulo la kwathu ndi ili: wamkulu mmodzi amakhala mlonda, ndipo amatchulidwa dzina. "Tonse tikuwaona" ndiye kuti palibe akuwaona. Mlondayo sagwira foni, samwa mowa, saotcha nyama, ndipo akatopa amauza wina momveka kuti tsopano ndi inu. Mwana akamamira sakuwa ngati mmene anthu amaganizira. Amangoti zii, mutu kumira ndi kutuluka, pakamwa pali m'madzi. Mwana wosadziwa kusambira akhale pomwe dzanja lanu lingamufikire, ndipo machubu a galimoto kapena zoyandama zopopa musazikhulupirire, mphepo imazikankhira kwakuya mwakachetechete. Usiku palibe kusamba. Kumalo a bango ndi kumathiriro a mitsinje funsani eni mudzi za ng'ona ndi mvuu musanaponde m'madzi.

7. Chakudya

Nsomba gulani m'mawa asodzi akamakocheza. Yang'anani makha akhale ofiira, maso owala, mnofu wolimba mukaudina. Kampango wootcha ndi nsima ana amamukonda chifukwa alibe minga yambiri. Usipa ndi utaka wouma tengani wopita nawo kunyumba. Akakubweretserani tichambo ting'onoting'ono, kanani ngakhale mtengo utsike bwanji, chifukwa timeneto ndi tomwe tikanaswana. Madzi a m'nyanja musamwe osathira mankhwala kapena kuwiritsa. Madzulo tulutsani ana panja aone nyali za asodzi a usipa zitandandalika pa nyanja ngati tauni ina, koma muwadzoze kaye mafuta a udzudzu.

8. Likodzo: ntchito imene imatsala mutafika kunyumba

Apa ndi pomwe ndimafuna mukhale pansi. Ku Cape Maclear kuli likodzo. Ena a malo ogona adzakuuzani kuti pa gombe lawo palibe, kapena kuti kuzilumba n'kotetezeka. Chiopsezo chimasiyanadi malo ndi malo, chimakula kufupi ndi mudzi pomwe anthu ambiri amasamba, koma palibe amene angakulonjezeni kuti mwana wanu sanatenge. Ine aliyense amene waviika mwendo m'nyanja ndimamuwerengera kuti akufunika kuonedwa.

Mmene chimayendera ndi motere. Munthu wodwala akakodza m'madzi amatulutsa mazira. Mazirawo amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono zing'onozing'ono za m'madzi, timachulukana m'menemo, kenako timatuluka n'kumasambira. Timalowa pa khungu la munthu, osati pakamwa pokha ngati mmene ena amaganizira, ndipo sipafunika bala. Kale tinkauzidwa kuti nkhonozi zimakhala m'maudzu mokha. Ofufuza anapeza kuti pa Cape Maclear pali mtundu wina umene umakhala pa mchenga weniweni, ndipo kuchuluka kwake anakugwirizanitsa ndi kuchepa kwa nsomba zodya nkhono chifukwa cha makoka. Ndiye mchenga woyera si umboni. Ndi chifukwa chakenso ndinati mufunse za madzi a m'bafa: ngati apopedwa m'nyanja n'kulowa m'paipi tsiku lomwelo, angakhale ndi tizilomboti. Madzi amene akhala m'thanki masiku 2 kapena amene atenthetsedwa bwino alibe vuto limeneli.

Kodi ndiye ana asasambe? Ine ndimawalola, koma mwanzeru. Timasambira kutali ndi pomwe anthu amachapa, sitikhalitsa m'madzi osaya a m'mphepete, ndipo akatuluka ndimawapukuta ndi thaulo msanga. Kupukutako kumathandiza pang'ono chabe, sikuchotsa kufunika kwa zotsatirazi. Ndipo ana anu auzeni asakodzere m'nyanja. Apite kuchimbudzi asanalowe m'madzi.

Cholakwika chachikulu chimene ndimachiona ndi ichi: anthu amagula mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel pobwerera n'kumwa usiku womwewo, n'kumati tathana nazo. Tizilombo tija tikalowa m'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zikuluzikulu, koma zikadali zazing'ono siziwamva bwino. Zimatenga masabata 6 mpaka 8 kuti zikule. Mukamwa tsiku lofika, mwamwa pachabe, ndipo choopsa n'choti mtima wanu wakhala pansi pomwe tizilombo tikukula.

Chitani izi. Tsiku lomaliza kusamba m'nyanja lilembeni pa kalendala, muwerenge masabata 8, ndipo tsikulo muikepo chizindikiro ndi alamu ya pa foni. Likafika, pitani nonse kuchipatala, munene kuti munasamba m'nyanja pa tsiku lakutilakuti. Akayeza mkodzo n'kupeza kuti mulibe mazira, dziwani kuti mazira amatha kuchedwa kuoneka mpaka miyezi 3, choncho funsani adokotala ngati mumwe mankhwala kapena mubwerenso.

Mlingo umatengera kulemera kwa thupi, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse, ndipo piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600. Mwana wa makilogalamu 30 ndiye kuti mapiritsi 2. Ndalemba izi kuti mumvetse chifukwa chake aliyense ayenera kukwera pa sikelo, osati kuti muzigawa nokha kunyumba. Mwana wosakwana zaka 4, mayi woyembekezera, ndi munthu amene amadwala khunyu, adokotala ndiwo agamule. Ngati mwana analandira kale mankhwalawa kusukulu chaka chomwecho, nenani, koma musaganize kuti amenewo amamuteteza ku ulendo umene wabwera pambuyo pake.

Mankhwalawa ndi owawa ndipo amachititsa chizungulire ndi nseru. Imwani mutadya nsima yokhuta, makamaka madzulo a tsiku loti mawa lake palibe sukulu. Kwathu ndimaphika nsima ndi nyemba, aliyense amadya, kenako ndimaika mapiritsi a aliyense pa kambale kake monga anatilembera kuchipatala, n'kuima pompo mpaka ameze. Wamng'ono amabisa pansi pa lilime, choncho ndimamuuza atsegule pakamwa.

Musadikire kuona magazi mumkodzo. Ambiri, makamaka akuluakulu, saona chizindikiro chilichonse kwa zaka, pomwe mazira akuwononga chikhodzodzo ndi impso. Kwa atsikana ndi amayi likodzo limafikanso ku ziwalo zoberekera, n'kumayambitsa kuwawa ndi kutaya magazi kumene nthawi zina kumasokonezedwa ndi matenda opatsirana pogonana. Mtsikana wanu akadandaula zotere miyezi ingapo mutabwerako, musayambe ndi kumukalipira. Auzeni adokotala za nyanja.

M'masabata odikirawo, wina akatentha thupi, choyamba ndi kukayezetsa malungo tsiku lomwelo, ngakhale munkagona m'neti. Malungo amatha kuonekera patatha sabata kapena kuposerapo mutachoka kunyanja, ndipo mwa mwana sachedwa kufika poipa. Akapezeka nawo, amalize LA yense, masiku onse 3. Akapanda kupezeka koma kutentha thupi, kutsokomola kapena zidzolo zikupitirira, bwereraninso mukanene kuti mwanayu anasamba ku Cape Maclear, chifukwa likodzo longoyamba kumene limathanso kubwera motero.

Ndipo ngati munatenga mwana wa achemwali kapena mtsikana wokuthandizani ntchito pa ulendowo, naye ali pa kalendala yomweyo. Tsiku la masabata 8 likakwana, imbirani makolo ake, kapena mukamutenge nokha mupite naye limodzi.